Kukwera mtengo nkutsikamo ndi miyendo yako: mmene timachitira ife osadza mitengo mu Lilongwe

Mitambo ikangoyamba kuda kumapeto kwa Okutobala foni yanga siipumanso. Amayi ena ku Area 47 akuti nthambi za mango zagonera malata, bwana wina ku Area 10 akuti bulugamu wapendamira kumpanda wa aneba, ku Kawale kuli keshya woti akukhula khoma, aliyense akufuna zitheke lero lomwe mvula isanagwe. Nde nyengo yake ndi yomweyinso anyamata amagwa mmitengo, ena pa ganyu yosadza, ena pothyola mango basi.

Ine ntchitoyi ndinakaiphunzirira ku Joni, ndinakhala zaka zinayi pa kakampani kena kodula mitengo ku Johannesburg. Tsiku loyamba atandipatsa malamba ndi zingwe ndinaseka, ndinati ine mwana wa ku Mitundu ndakula ndikukwera mitengo wopanda ndi nsapato zomwe, zingwezi nza anthu amantha. Kuseka kunatha nditalandira foni yoti msuweni wanga wagwa mu mango ku Area 18. Mtengo wake sunali wautali, mamita anayi kaya asanu, ndipo iyeyo anali dolo kuposa ine. Lero ali pa wilutcheya. Kumudzi anthu anangoti tsiku lakufa nyani mitengo iterera, koma ine mwambi umenewu pa nkhani iyi ndimaukana, chifukwa nditabwera ndinakauona mtengowo, nthambi anapondayo inali yofumbwa mkati moti munthu akanadziwa ali pansi pomwe, komanso omwe anamutola anamugwira wina miyendo wina mkhwapa nkumukhazika pa kabaza ya njinga yamoto. Zonsezi zinalakwika pansi, osati mmwamba ayi.

Mtengo wa pakhomo timauderera poti tinazolowera kukhala pamthunzi pake. Koma munthu akagwa kuchokera pa mamita 5 amafika pansi pa sekondi imodzi yokha ali pa liwiro la makilomita pafupifupi 36 pa ola, akachokera pa mamita 10 ndi makilomita 50 pa ola, liwiro la minibasi limenelo, ndipo mpata woti ugwire kanthu supezeka. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chakugwa, ambiri mwa iwo mmayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Nde tiyeni tione mmene ndimachitira kuyambira pomwe foni yalira.

Choyamba, musatchule mtengo musanauone mtengo

Chichewa chathu chinatchera bwino pamenepa, liwu ndi limodzi lomwelo. Chithunzi cha pa WhatsApp sichionetsa mphako, sichionetsa njuchi, mawaya amagetsi pena amabisala mmasamba. Mukavomera ndalama yochepa pafoni mumayamba kuthamanga kuti mukapeze ganyu ina masana, komanso mumapita nokha poopa kugawana ndi mnzanu, ndipo ngozi zambiri zimabadwira pamenepo. Pitani mukaone, muwerengere munthu wachiwiri, ngati ndi ntchito ya masiku awiri nenani poyera kuti mayi izi nza masiku awiri. Funsaninso kuti mtengowo mwini wake ndani, ngati akukhalamowo ndi a lendi alandilodi avomere kaye, ngati uli kunja kwa mpanda mmbali mwa msewu yambani mwafunsa ku khonsolo ya mzinda.

Chachiwiri, uzungulireni kawiri, maso pansi kaye kenako mmwamba

Apa mpomwe ndimataya nthawi yambiri ndipo mabwana ena amaona ngati ndikuzengereza. Yambani ndi tsinde. Ngati dothi lafufuma kapena lang'aluka mbali imodzi ndiye kuti mizu yayamba kuzuka, usakwereke umenewo. Onani ngati pafupi anakumbapo maziko a mpanda, ngalande kapena dzenje la chimbudzi, chifukwa pokumbapo amadula mizu ndipo mtengo umatsala wongoima pa ulemu. Muno mtauni tilinso ndi chizolowezi chosesera zinyalala patsinde nkumaziotcha pomwepo chaka ndi chaka, mbali yopsayo imafa nkumaola mkati khungwa lakumwamba likuoneka labwinobwino. Bowa wouma uja womera pathunthu ngati mbale ndi chizindikiro choti mkati mwaola kale. Dothi lomata pakhungwa ndi msewu wa chiswe, likandeni muone ngati chalowa mkati. Kenako gogodani thunthu ndi kuseri kwa nkhwangwa kuzungulira konse, mtengo wathanzi umamveka gwa, wamphako umalira ngati ng'oma. Chikomekome cha mkuyu chija akuluakulu ankanena sichinali cha zipatso zokha.

Tsopano kwezani maso. Fufuzani nthambi zouma, zopanda khungwa, ndi zija zinathyoka kale ndi mphepo nkukodwa mmwamba, zimenezo zimangodikira kuti wina agwedeze. Onani mphanda. Mphanda yotambasuka ngati chilembo cha U imakhala yolimba, koma yopanikizana ngati V, yokhala ndi mng'alu kapena khungwa lopindikira mkati, imang'ambika ngati nzimbe.

Chomwe anyamata ambiri sadziwa ndi cha mphukira. Mitengo yambiri ya mmalokeshoni mwathumu, keshya, malayina, jakaranda, inadulidwapo mutu zaka za mmbuyo nkuphukiranso. Nthambi zophukira pa chitsa chammwamba zimakula msanga, zimanenepa, zimaoneka zamphamvu, koma zimangogwira kunja kunja pafupi ndi khungwa, sizichokera mkatikati mwa thunthu, ndipo chitsacho nthawi zambiri chimakhala chikuola poti madzi amvula amakhalamo. Mphukira yonenepa ngati ntchafu itha kusupuka yonse ndi munthu. Mango wa msuweni wanga uja zinali zomwezi, panali bala lakale la chikwanje pomwe madzi ankalowera.

Mitundunso imasiyana. Peyala ndi wophweka, amathyoka mosachenjeza. Bulugamu ndi wosalala, khungwa lake limasendeka mmanja ndipo amataya nthambi yekha olo kulibe mphepo. Malayina ndi wofewa. Papaya sitikambanso, ameneyo sakweredwa.

Musanachoke imani phee mphindi zingapo mukuyang'ana ngati pali pomwe njuchi kapena mavu akulowa ndi kutuluka. Mumango mumakhalanso nyerere zofiira zoluma, pena nalikukuti kapena mbobo. Kawirikawiri chomwe chimamupha munthu si mbola ayi, ndi kudzidzimuka kuja nkutaya manja onse awiri. Njuchi zichotsedwe kaye tsiku lina ndi odziwa.

Chachitatu, mawaya

Ili ndi gawo lomwe sindikambirana ndi munthu. Ngati nthambi, chida kapena thupi lanu lingafike pa mamita atatu kuchokera ku mawaya a ESCOM, kapena nthambi ikagwa ingawakhudze, ntchito iyime mpaka eni magetsi abwere kudzathimitsa kapena kudula okha. Mawaya ammwamba aja odutsa mmalokeshoni ambiri ndi a 11kV kapena 33kV, magetsi otere amatha kulumpha osakhudza nkomwe, ndipo mtengo wauwisi umadutsa magetsi. Olo waya wolowa mnyumba wa 230V umapha, ukapanda kupha umakugwedeza nkukugwetsa. Ndipo musadalire zoti lero magetsi azima kuyambira mmawa, amabwera osagogoda. Bwana akati mungodula mwachangu palibe chingachitike, muwauze mwaulemu kuti bwana imbani kaye ku faults ya ESCOM, ine ndibwera akathimitsa.

Chachinayi, kunja kuli bwanji, nanga thupi

Mvula ikagwa khungwa limaterera ngati sopo, dikirani liume. Kukamveka mabingu tsikani pompo. Mwera wa mu Juni ndi Julaye komanso akamvuluvulu a mchilimwe amakankha nthambi yodulidwa kupita komwe simunafune. Dzuwa la Okutobala limabweretsa chizungulire, nde yambani mmamawa, idyani kaye, botolo la madzi likhale pafupi. Matsire ndi mtengo sizigwirizana, zoti kakachasu kamachotsa mantha nzoona koma mantha ake ndi omwe amakusunga mmwambamo. Ngati mwangodwala kumene malungo, muli ndi khunyu, kapena shuga ndi BP zikuvuta, gwirani ntchito yapansi.

Chachisanu, zida

Ndikudziwa ndalama ikuvuta, koma tiyeni tinene zoona. Zingwe za buluu zija timagula mmahadiweya aku Malangalanga nzomangira katundu palole ndi mbuzi, dzuwa limazifumbutsa, zikakhulana ndi nthambi zimasungunuka, ndipo mfundo iliyonse imachotsako mphamvu ya chingwe, pena mpaka pafupifupi theka. Chingwe chokwerera chimakhala cholukidwa, cha mamilimita 11 mpaka 13, zambiri zimalembedwa EN 1891 kunsonga. Mukhale ndi zingwe ziwiri zosiyana mtundu, china cha moyo wanu china chotsitsira nthambi, ndipo cha moyocho chisakokepo chipika olo tsiku limodzi. Musanakwere chidutsitseni chonse mmanja, mukamva pouma, pophwanyika kapena pothothoka ulusi, chapuma ntchito.

Kumanga chingwe mchiuno ngati lamba wa buluku si chitetezo, ukagwa chimakwera nkukufinya mmimba ndi nthiti, chitha kuthyola msana. Pamafunika hanesi, malamba aja ogwira mchiuno ndi ntchafu zonse ziwiri okhala ndi mphete kutsogolo. Za kokonsitirakishoni zokhala ndi mphete kumsana zimamugwira munthu akagwa koma kugwirira ntchito uli lende sizikhala bwino. Mukaipeza pa kaunjika yang'anani ulusi wosokera uliwonse ndi zitsulo zake, yodontheredwa asidi wa batire kapena penti isiyeni. Makarabina, tizitsulo tija tokolera chingwe ku hanesi, akhale otseka ndi loko, olembedwa 22kN kapena kuposa, imeneyo ndi mphamvu yopitirira matani awiri. Aja okolekera makiyi ndi zidole.

Helemeti ikhale ya lamba wa pachibwano, yopanda lamba imayamba ndiyo kufika pansi. Wapansinso avale, iye ndiye amagweredwa zinthu. Nsapato zogwira bwino, osati patapata kapena gambuti wokhwepa. Magalasi oteteza utuchi mmaso.

Zida zonsezi munthu mmodzi sangazikwanitse kamodzi, ife tinachita chipereganyu anthu anayi nkutuma mnzathu wochokera ku Joni. Pomwe mulibe, ntchito zambiri zimatheka muli pansi, sowo womangirira kunsungwi yaitali amadula nthambi zing'onozing'ono bwinobwino, mango ndi mapeyala zimathyoledwa ndi ngowe, bola kutali ndi mawaya.

Makwerero ndi ongokwerera, si ogwirirapo ntchito. Pa mamita anayi alionse okwera, miyendo yake italikire mita imodzi kuchoka patsinde, wina agwire pansi, mukafika pamwamba amangeni kuthunthu. Osawasanjika pa diramu kapena pa njerwa. Kudula nthambi yaikulu uli pamakwerero ndiye njira yachidule yopitira ku chipatala cha Kamuzu Central, nthambi ikamagwa thako lake limabwerera nkukankha makwerero.

Chachisanu ndi chimodzi, munthu wapansi

Osakwera muli nokha, ndipo wapansiyo asakhale mwana wa bwana kapena gadi wongodutsa. Ntchito yake nkuyang'ana inu basi, osati Facebook. Athamangitse ana, ana aku Chinsapo kaya Mtandire akangomva tcheniso amadzadza ngati kwabwera gule, achotse galimoto, amangirire agalu, atchinge malo ogwera nthambi ndi chingwe. Mugwirizane mawu, wammwamba akuwa kuti ikubwera, ndipo sadula mpaka wapansi ayankhe kuti bwera nayo. Foni yake ikhale ndi mayunitsi, adziwiretu galimoto yomwe ingapezeke pafupi zitavuta, komanso adziwe mmene angakutsitsireni mutakomoka muli lende, makwerero ndi chingwe china zikhale pompo.

Chachisanu ndi chiwiri, kukwera

Chingwe chiyambe ndicho kukwera. Mangani kathumba kamchenga ku kachingwe kakang'ono, ponyani kadutse pamphanda yolimba yammwamba, kenako kokerani chingwe chachikulu. Chizungulire thunthu lenileni pamwamba pa mphanda, osati kunsonga ya nthambi, ndipo pomwe chagonapo pakhale pauwisi, ponenepa kuposa mkono wanu ndithu. Musanachoke pansi lendewerani anthu awiri pachingwecho, ngati pali chothyoka chithyoke mapazi ali padothi.

Nsonga imodzi imamangidwa ku hanesi, mbali inayo mumaikako mfundo yotsetsereka yomwe ku Joni tinkaitchula prusik, ukaikankha ndi dzanja imayenda, ukailemera imaluma. Mfundo imeneyi komanso bowline, mfundo yomangira nsonga ya chingwe ku hanesi, ziphunzireni kwa munthu wodziwa, pa YouTube ziliponso, koma muziyesere pa nthambi ya mamita awiri kwa masiku angapo, osati tsiku la ganyu.

Lamulo lake ndi limodzi, pasapezeke mphindi yomwe simunamangidwe. Mukafuna kusuntha chingwe chachikulu kupita pamphanda ina, yambani mwazunguliza kachingwe kachiwiri kakafupi kuthunthu nkukakola ku hanesi, kenako masulani chachikulu. Chingwe chikhale chokungika nthawi zonse, chikalendewera mita imodzi ndiye kuti mudzagwa mita imodziyo chisanakugwireni ndipo kukoka kwake kumavulaza. Musakwere kupitirira pomwe chingwe chakoledwa. Pondani pafupi ndi thunthu pomwe nthambi yayambira, ndipo nthambi iliyonse iyeseni ndi phazi limodzi manja atagwira kwina. Zida zisakwere mkamwa kapena zosomeka mu lamba, zikutsatireni pachingwe mukakhazikika.

Chachisanu ndi chitatu, kudula

Chikwanje mmwamba ine ndinachisiya. Potema thupi lonse limagwedezeka, dzanja limodzi lokha ndi lomwe lagwira, chikaphonya chimapita pabondo kapena pachingwe chanu chomwe, komanso bala lomwe chimasiya pamtengo ndi lomwe lidzaolere mnzanu wobwera zaka zitatu zikubwerazi. Sowo wamanja amachedwa pang'ono koma mumadziwa pomwe nthambi ithyokere.

Musanayambe kucheka mangani pawiri, chingwe chachikulu ndi kakafupi kaja, kuti mukadula chimodzi mwangozi china chikugwireni, ndipo zonse zikhale kutali ndi mano a sowo. Khalani cha pamwamba pa nthambi kapena kumbali, kuseri kwa thunthu nkwabwino koposa, osati pansi pake, osatinso pakati pa nthambiyo ndi thunthu.

Nthambi yolemera imadulidwa katatu. Yambani kunsi kwake, masentimita 30 kapena 40 kuchoka pathunthu, chekani chokweza mpaka gawo limodzi la magawo atatu, mulekeze sowo asanapanidwe. Kenako chekani pamwamba, kutsogolo pang'ono kwa pomwe munacheka kunsi, zala ziwiri kapena zitatu cha kunsonga, nthambi idzathyoka bwino nkugwa chogona. Kachitsa kotsalako kachotseni pomaliza, kunja kwa kakhosi kotupa kaja pomwe nthambi yalumikizana ndi thunthu, mukakasiya kakhosiko bala limapola lokha. Mukangocheka pamwamba pokha nthambi imasenda khungwa mpaka pathunthu, nkulendewera, nkubwera kudzakumenyani miyendo kapena kukoka kachingwe kanu.

Dulani zidutswa zing'onozing'ono kuyambira kunsonga. Mtengo wauwisi umalemera zosayembekezeka, chipika cha bulugamu cha mita imodzi chonenepa masentimita 30 chimaposa thumba la simenti la makilogalamu 50. Chinanso, nthambi yaikulu ikachoka mtengo umadzuka nkugwedezeka ngati uta, ambiri amagwa pa sekondi imeneyo, nde mukamva kuti yayamba kulira siyani kucheka mugwire.

Ngati pansi pali malata kapena mpanda, nthambi imangidwe ndi chingwe chakatundu chodutsa pamphanda ina, osati yomwe pali chingwe chanu. Wapansi achikulunge kawiri katatu patsinde la mtengo nkumamasula pang'onopang'ono ataima kumbali. Osachikulunga padzanja kapena mchiuno, chipika chimamunyamula munthu ngati nkhuku.

Za tcheniso, kaya ndi Stihl kaya Husqvarna kaya zotchipa zija, ngati simunaizolowere pansi musakwere nayo. Imafuna manja onse awiri, isapitirire mapewa, ndipo kumtunda kwa nsonga ya chitsulo chomwe tcheni imazungulirapo kukakhudza mtengo imadumpha kubwerera kunkhope mwachangu choti simungaigwire. Iyeseni pansi, onani ngati buleki ya tcheni ikugwira, mukamasuntha mmwamba buleki ikhale yotseka kapena izimitseni. Tcheni yobuntha imakukakamizani kukankha ndi mphamvu, inoleni.

Potsika

Mukatopa tsikani, mukhale pansi, mumwe madzi. Pali kanthambi kena komwe mwini nyumba amakaona inu mutamasula kale zingwe, nkumati achimwene tangochotsaniko aka kokha. Kameneko ngati mukufuna kukachotsa mangani zonse mwatsopano, apo ayi katsale. Ndipo mamita awiri omaliza musadumphe.

Munthu akagwa

Gawo ili muwawerengere ndi akunyumba omwe. Choyamba yang'anani mmwamba ndi pansi, ngati pali waya wamagetsi wogwa kapena wokhudza mtengo musamuyandikire, imani kutali mamita 10 nkuimbira a ESCOM, dothi lozungulira wayayo limakhalanso ndi magetsi. Ngati kulibe waya onani kuti palibe nthambi ina yolendewera pamwamba panu.

Musamudzutse, musamukhazike tsonga, musamukoke manja kuti tione ngati angaime. Aliyense wogwa mumtengo timamutenga ngati wathyoka khosi kapena msana mpaka adokotala atajambula. Fupa lamsana litha kuthyoka koma mtsempha wamkati uli bwinobwino, munthu akugwedeza zala zakuphazi, kenako pomupinda ponyamula paja fupalo nkudula mtsempha, zikatero palibenso kubwerera. Msuweni wanga amati ali pansi paja miyendo ankaimva, anasiya kuimva ali pa kabaza.

Munthu mmodzi agwade kumutu, agwire mutu ndi manja awiri mbali ndi mbali mmene wagonera, amulankhule kuti asagwedezeke. Onani ngati akupuma. Ngati sakupuma mugonekeni chagada nkuyamba kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, apa kupuma ndiye kofunika kuposa msana. Akayamba kusanza mutembenuzeni chammbali thupi lonse pamodzi ngati chipika, mutu ukutsatira. Pomwe pakutuluka magazi dinikizani ndi nsalu yoyera osasiya, osathirapo dothi, mchere kapena mafuta a buleki. Fupa lothyoka musaliwongole, litchingeni ndi timatabwa kapena katoni mmene lililimo. Musamupatse madzi, Fanta kapena phala olo apemphe bwanji, mwina akufunika kupita ku fiyeta. Zomuthira ndowa yamadzi kuti atsitsimuke ayi, mufunditseni chitenje.

Ponyamula pezani chinthu chosapindika, chitseko ndiye chimapezeka msanga, chizuleni pamahinjesi. Pakhale anthu anayi kapena asanu, wakumutu ndiye alamule, mutembenuzeni chammbali onse nthawi imodzi, lowetsani chitseko, mubwezereni. Ikani nsalu zokulunga mbali zonse za mutu, mumangeni ndi zitenje pachifuwa, mchiuno ndi mmiyendo. Apite chogona pa ambulansi, pikapu kapena minibasi yomwe chitseko chingalowe, osati kabaza, osati kumupinda kumpando wa kumbuyo kwa Sienta. Woyendetsa aziyenda mosamala pa mahampu. Ovulala msana, mutu ndi mafupa akuluakulu muno amathandizidwa ku Kamuzu Central, komwe kulinso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, nde ngati zikuoneka zazikulu lunjikani komweko.

Pali ena amagwa nkudzuka okha, nkudzisasa fumbi akuseka. Ameneyo apitebe kuchipatala. Wofikira mapazi atha kuthyoka zidendene ndipo pena msana wammunsi umakhudzidwanso, ululu wa phazi nkuphimba wamsana. Wofikira chammbali atha kuphulika kapamba kapena chiwindi nkumataya magazi mkati osaoneka, muone thukuta lozizira, ludzu, mmanja ndi mmaso kuyera, mimba kulimba, phewa lakumanzere kupweteka. Womenyetsa mutu atha kuyankhula bwinobwino kwa maola angapo kenako nkuyamba kusanza, kusinza, kusokoneza mawu, kutuluka madzi kapena magazi mmakutu ndi mphuno, ameneyo asagone yekha usiku umenewo ndipo zikangoyamba thamangani naye. Bala la chikwanje kapena sowo likufunikanso jakisoni wa kafumbata. Kuthowa ndi madzi otentha ndi kutema mphini pa fupa lothyoka kumangochedwetsa chikhakha.

Ngati wakomoka ali lende pa hanesi mutsitseni mwachangu, kulendewera osagwedeza miyendo kumaunjika magazi kumiyendo ndipo munthu atha kufa pa mphindi zochepa olo asanavulale pena paliponse.

Za malamulo ndi chipepeso

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limati olemba ntchito aonetsetse kuti antchito awo ndi otetezeka, ndipo Workers' Compensation Act ya 2000 ndi yomwe imakamba za chipepeso munthu akavulala pantchito, nkhani zake zimayambira ku ofesi ya leba. Employment Act ya 2000 imaletsa kupatsa ntchito zoopsa ana osakwana zaka 18, nde zotuma kamnyamata kasukulu kukwera peyala poti nkopepuka zisiyeni. Ngati ndinu gadeniboyi kapena gadi ndipo bwana akutumani mumtengo opanda zida, muli ndi chifukwa chokanira, ndipo mukavulala mwavulalira pantchito, sungani buku lakuchipatala, malisiti ndi zithunzi za malowo.

Ganyu ya tsiku limodzi ndiye imavuta kuitsata poti palibe pepala, msuweni wanga anangolandira ndalama ya tsiku lomwelo ndi ya thiransipoti basi. Nchifukwa chake ine masiku ano ndisanakwere ndimatumiza meseji pa WhatsApp ndipo ndimadikira ayankhe kuti eya. Imakhala yotere: Bwana, tagwirizana kuti ndisadza mango awiri ndi keshya mmodzi pakhomo panu Lachiwiri ndi Lachitatu, tibwera anthu awiri, nthambi zoyandikira mawaya sitikhudza mpaka a ESCOM athimitse, mvula ikagwa tiyima, pakachitika ngozi galimoto yanu itithandize kupita ku Central ndipo za chipatala tidzathandizana.